Ndemanga: Ntchito ya Ma Slack Adjuster pa Galaja Ina ya ku Chirimba

Mu Blantyre muno simusowa malo omangitsira mabuleki a thiraki. Kuli magalaja akuluakulu ku Makata ndi ku Maone, komanso kuli anyamata oyenda ndi sipanala m'thumba la ovolosi amene amadikirira makasitomala m'malo oimikamo mathiraki ku Lunzu ndi cha ku Kameza. Ambiri mwa iwo kagwiridwe kawo ka ntchito n'kamodzi: amakwawira kunsi kwa galimoto, n'kupotokola bawuti ya pa slack adjuster iliyonse mpaka italimba, n'kuibweza pang'ono, kenako amauza dalaivala kuti aponde amve ngati zagwira. Galaja imene ndikuilembera ndemangayi ili m'dera la mafakitale ku Chirimba, ndipo chimene chandichititsa kulemba n'chakuti amakaniko ake sayamba ndi sipanala. Amayamba ndi choko ndi tepi yoyezera, ndipo nthawi zina amakana kumanga buleki imene mwini galimoto wabwera akufuna kuti imangidwe. Ine ndili ndi mathiraki ochepa onyamula katundu pakati pa Blantyre, Nchalo ndi doko la Beira, ndipo maganizo anga ndi akuti galajayi, ngakhale imachedwetsa ndiponso mitengo yake ndi yokwera poyerekeza ndi ena, ikugwira ntchito ya ma slack adjuster m'njira imene eni mathiraki tonse tiyenera kumaifuna kulikonse kumene tikukonzetsa.

Kuti ndemangayi imveke, ndiyenera kufotokoza kaye chimene chitsulo chimenechi chimachita, popeza ndaona kuti eni mathiraki ambiri, ngakhalenso madalaivala ena, amangochidziwa dzina lokha. Dalaivala akaponda buleki, mphepo yochokera m'mathanki imalowa mu busita, chitini chachitsulo chokhala pafupi ndi tayala, n'kukankha mphira wa m'kati mwake, ndipo mphirawo umatulutsa ndodo yachitsulo yotchedwa pushrod. Ndodoyo inalumikizidwa ndi pini ku slack adjuster, yomwe ndi mkono waufupi wovekedwa pa shafiti. Mkonowo ukakankhidwa umazungulitsa shafiti, ndipo kumapeto kwa shafitiyo, m'kati mwa dilamu, kuli chitsulo chopindika ngati chilembo cha S chimene chimatsegula mashuzi awiri kuti malainingi, zokhuzira zomatidwa pa mashuziwo, akhuze dilamu imene imazungulira limodzi ndi tayala. Busita ya saizi 30, imene ndi yofala pa maekiselo a kumbuyo ndi a ngolo, imakankha ndi mphamvu yokwana pafupifupi makilogalamu 1,360 mphepo ikakhala pa 100 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mphepo). Mphamvuyi ndi yaikulu, koma ulendo umene pushrod ingayende ndi waufupi. Malainingi akamadyeka, mpata wa pakati pa iwo ndi dilamu umakula, pushrod imayenda kwambiri isanagwire, ndipo ikamayandikira kumapeto kwa ulendo wake mphamvu yake imatsika msanga, kufikira pamene mbale ya m'kati mwa busita imagunda kumapeto n'kulekeratu kukankha. Slack adjuster ili ndi magiya m'kati mwake amene amasuntha shafiti pang'onopang'ono kuti mpata uja ubwerere mwakale, ndipo pali mitundu iwiri: ina imafuna kuti munthu aimange ndi sipanala, ina imadzimanga yokha galimoto ikamaponda mabuleki.

Kwa ife a mu Blantyre nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha malo amene mzinda wathu unakhala. Tili pamtunda, pa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pafupifupi msewu uliwonse wotulukira mumzindawu umatsetsereka. Wopita ku Nchalo amatsika phiri la Chikwawa n'kukhotakhota kwake konse mpaka kukafika pa Thabwa ndi pa mlatho wa Kamuzu, m'chigwa cha Shire chimene chili mamita mazana ambiri kunsi kwa mzindawu. Wopita ku Mwanza amatsikira ku Zalewa. Pa mitsetse yotere dilamu imatentha, ndipo chitsulo chikatentha chimafufuma, kutanthauza kuti dilamu imathawa malainingi, pushrod n'kumayenda ulendo wautali kuposa umene inkayenda pabwalo la galaja m'mawa. Buleki imene inali pafupi ndi malire ili yozizira imapitirira malirewo ili pakati pa phiri. Choopsa kwambiri n'chakuti phazi la dalaivala silimva chilichonse. Pa galimoto yaing'ono ya mabuleki a mafuta, chopondera chimalowa pansi n'kukuchenjezani. Pa mabuleki a mphepo chopondera chimangotsegula vavu, ndipo chimamveka chimodzimodzi kaya mabuleki ali bwino kaya afika kumapeto. Ngakhale handibuleki siingakupulumutseni pamenepo, pakuti sipuling'i yake imakankha pushrod yomweyo kudzera pa slack adjuster yomweyo.

Galimoto imene ndikufotokoza pano ndi hosi (mutu wa thiraki) ya ku America ya maekiselo 3, yogulidwa yakale kuchokera ku South Africa, yokoka ngolo ya maekiselo 3, zimene zikupanga mabuleki 12. Dalaivala wanga ankadandaula kuti galimoto ikanyamula katundu imachedwa kuima ndipo imakokera kumanzere. Atandilandira, akulu a galajayo, bambo achikulire amene anyamata awo amangowatchula kuti madala, anafunsa kaye kumene galimoto yachokera, ndipo atamva kuti yangokwera kumene kuchokera ku Chikwawa ananena kuti palibe chimene angachite kufikira madilamu atazizira. Chifukwa chake anachifotokoza bwino. Buleki yomangidwa dilamu ili yotentha imadzakhala yothina dilamuyo ikazizira n'kubwerera mu msinkhu wake, ndipo buleki yothina imakhuza usana ndi usiku, n'kumadya dizilo, kuwotcha malainingi ndi kuumitsa masilo a habu, mwinanso kuyatsa tayala. Ndinayamikira kuti sanafune kundisangalatsa poyamba ntchito nthawi yomweyo pofuna kuti ndione ngati zinthu zikuyenda.

Madilamu atazizira, anaimika galimoto pamalo osapendekeka n'kupinga matayala kutsogolo ndi kumbuyo ndi zidutswa za matabwa ochindikala, ndipo palibe mnyamata amene analoledwa kulowa kunsi izi zisanachitike. Anadzadza mphepo, kuzimitsa injini, kumasula handibuleki ya hosi ndi ya ngolo, kenako anatsitsa mphepo poponda pang'onopang'ono mpaka geji itakhala pakati pa 90 ndi 100 psi, imene pa mageji ena ndi pakati pa 6.2 ndi 6.9 bar. Izi n'zofunika chifukwa muyezo wotengedwa mphepo ili yochepa umanama kuti zonse zili bwino, pamene wotengedwa mphepo ili yochuluka umaonetsa vuto limene kulibe. Mnyamata mmodzi anayenda busita iliyonse, n'kulemba mzere wa choko pa pushrod pamalo pamene ikutulukira, dalaivala anaponda mpaka pansi n'kugwirizira, ndipo mnyamatayo anayeza mtunda wochokera pa busita kufika pa mzere uja. Manambala onse 12 analembedwa papepala, lililonse pamalo a tayala lake.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri pa gawo limeneli n'chakuti asanaweruze nambala iliyonse ankayamba atsimikiza mtundu wa busita. Pakhoma la galajayo anamatapo pepala la malire amene opanga mabuleki ndi oyendera mathiraki ku America ndi ku Canada amagwiritsa ntchito. Busita wamba ya saizi 30 siyenera kupitirira mainchesi 2, omwe ndi mamilimita 51; ya saizi 30 ya ulendo wautali imaloledwa kufika mainchesi 2.5, omwe ndi mamilimita 64. Ya saizi 24 wamba, ngati imene imapezeka pa maekiselo ena, malire ake ndi mainchesi 1.75, pafupifupi mamilimita 45. Busita ya ulendo wautali amaizindikira poona kuti malo olowera mapaipi a mphepo ndi a makona anayi, kapena poona kachizindikiro kamene opanga amamangirirapo. Makaniko amene sasiyanitsa mitundu imeneyi angathe kupititsa buleki yoopsa kapena kumanga buleki yabwinobwino, ndipo ndakumanapo ndi ambiri amene amangonena kuti buleki iliyonse ndi mainchesi awiri basi. Madala aja anandiuzanso kuti m'maiko amenewo, mabuleki 20 pa 100 aliwonse a galimoto akapezeka olakwika, galimotoyo imaimitsidwa pomwepo, kotero kuti thiraki ya maekiselo 5 yokhala ndi mabuleki 10 imaletsedwa kuyenda chifukwa cha mabuleki awiri okha. Limenelo si lamulo la kuno kwathu, koma iwo amalitenga ngati muyezo wawo polangiza kasitomala ngati galimoto ingatuluke pa geti kapena ayi. Pa galimoto yanga, mabuleki anayi anali atapitirira malire: atatu pa ngolo ndi imodzi pa ekiselo yapakati ya hosi, mbali ya kumanja.

Ngoloyo ndi yakale ndipo ili ndi ma slack adjuster omanga ndi manja, choncho ntchito yake inali yolunjika. Asanagwire bawuti anayang'ana kaye kuchindikala kwa malainingi, popeza kumanga buleki imene malainingi ake atsika kupitirira mamilimita 6.4 n'kungodzinamiza, ndipo chitsulo cha S chija chikazungulira mopitirira chingathe kudumpha marola n'kukanirira. Malainingi atapezeka kuti adakali ndi nyama, anakweza ekiselo ndi jeke n'kuikhazika pa zochirikiza, anakankhira m'kati kachitsulo kotsekera bawuti, n'kupotokola ndi sipanala ya 9/16 uku akuyang'anitsitsa kuti shafiti ikuzungulira mbali yomwe imazungulira buleki ikaponda. Kuyang'anitsitsa kumeneku si kwachabe, chifukwa munthu wopotokola mbali yolakwika amamvanso kulimba kumapeto n'kuganiza kuti wamanga, chonsecho wamasuliratu buleki. Malainingi atakhudza dilamu anabweza bawuti pakati pa kota ndi theka la kuzungulira kumodzi, anazunguza tayala ndi manja kuti amve ngati silikukhuza, anaonetsetsa kuti kotsekera kaja katulukanso n'kugwira bawuti, kenako anayezanso ndi choko monga poyamba. Anachita izi pa mabuleki onse 6 a ngolo, osati atatu olakwika okhawo, kuti mbali ziwiri za ekiselo iliyonse zikhale zofanana. Anapopera girizi pa slack adjuster iliyonse ndi pa mabushi a shafiti mpaka yatsopano itatulukira, n'kupukuta yotsala kuti isakafike pa malainingi.

Pa hosi m'pamene galajayi inaonetsa kusiyana kwake ndi ena. Dalaivala wanga, poona kuti ngolo yatha msanga, anapempha kuti amange buleki yotsalayo kuti akapakire katundu tsiku lomwelo. Madala aja anamuyankha mofatsa kuti, "Achimwene, iyi sitimanga ayi. Iyi imadzimanga yokha, ndiye ngati yalephera kudzimanga, pali chimene chaonongeka. Ndikaimanga lero mutuluka bwinobwino, koma mukamatsika ku Thabwa idzakhala itabwerera pomwe inali, inu musakudziwa." Kenako anatembenukira kwa ine nati, "Bwana, ndalama ya kumanga ndingalandire, koma ndikhala ndakugulitsani bodza." Mawu amenewa ndi ogwirizana ndi zimene opanga zipangizozi amanena. Ku United States, lamulo linayamba kukakamiza kuti magalimoto a mabuleki a mphepo opangidwa kuyambira pa 20 Okutobala 1994 azikhala ndi ma slack adjuster odzimanga okha, n'chifukwa chake mahosi ambiri a Freightliner ndi International amene timawaona m'misewu yathu ali nawo. Bungwe la dzikolo lofufuza za ngozi, la National Transportation Safety Board, litafufuza ngozi ya thiraki imene inalephera kuima pa mtsetse ku Glen Rock, m'chigawo cha Pennsylvania, m'chaka cha 2003, linachenjeza kuti kumanga ndi manja slack adjuster yodzimanga yokha n'koopsa, chifukwa kumabisa vuto lenileni, kumapatsa dalaivala chikhulupiriro chabodza, ndiponso kungawononge zam'kati mwa chipangizocho. Nthawi imene sipanala imaloledwa pa mtundu umenewu ndi poika chipangizo chatsopano kapena posintha malainingi. Kuno kwathu chenjezo limeneli silinafike m'makutu a ambiri, ndipo ndi mwambo kuti dalaivala asananyamuke ulendo wa ku Beira amangitse mabuleki onse mosayang'ana kuti ndi a mtundu wanji.

M'malo momanga, anayamba kufufuza, ndipo anayambira pa zotchipa kupita ku zodula. Anakoka mkono wa slack adjuster ndi chitsulo chopanira kuti ayeze mpata umene pushrod imayenda malainingi asanakhudze dilamu, umene pa mtundu wodzimanga uyenera kukhala pakati pa mamilimita 10 ndi 16. Anagwedeza pini yolumikizira napeza kuti bowo lake lakula, kotero kuti gawo lina la ulendo wa pushrod linkangothera m'kugwedera. Anagwedezanso shafiti m'mwamba ndi pansi napeza kuti mabushi ake adyeka. Anayang'ana chitsulo chogwira busita ngati chili ndi mng'alu, ndiponso kamkono kakang'ono kamene pa ma slack adjuster a mtundu wa Haldex kamamangiriridwa pa chogwirira chosasuntha, popeza kamkono kameneko kakamasuka kapena kupindika chipangizo chimaleka kudzimanga ngakhale m'kati muli bwino. Pomaliza anayesa chipangizo chenichenicho: anabweza bawuti, n'kusiya sipanala ili pomwepo, dalaivala n'kuponda kangapo, kuti aone ngati sipanalayo izisuntha yokha pang'onopang'ono monga ziyenera kukhalira. Sinasunthe. Pamenepo m'pamene ananena kuti chipangizocho chatha ndipo chiyenera kusinthidwa pamodzi ndi pini ndi mabushi. Ndinamvanso madala aja akukumbutsa mnyamata wina amene ankagwira ntchito pa thiraki ina kuti pa mtundu wa Meritor pali kachitsulo kamene kayenera kukokedwa kaye munthu asanabweze bawuti, apo ayi mano ake amaperepeseka. Makaniko wodziwa kuti mtundu uliwonse uli ndi kachitidwe kake ndi wosowa, ndipo ndinaona kuti anyamata a pamenepo akuphunzitsidwa zimenezi tsiku ndi tsiku.

Kufufuzaku kunavumbula chinthu china chimene sindinabwere nacho. Pa ekiselo yomaliza ya hosi, busita ya kumanzere inali ya ulendo wautali pamene ya kumanja inali wamba, ndipo mikono ya ma slack adjuster inali yosiyana kutalika, wina mainchesi 5.5, wina mainchesi 6. Izi zimachitika kawirikawiri pa mathiraki oyenda maulendo ataliatali, chifukwa chipangizo chikaonongeka ku Tete kapena ku Chimoio, dalaivala amagula chimene chapezeka bola chalowa pa shafiti. Koma mkono wautali umapotokola shafiti ndi mphamvu yochuluka kuposa waufupi, choncho tayala limodzi limagwira kwambiri kuposa linzake. Kusiyana kumeneku, pamodzi ndi buleki ya kumanja ija imene inkagwira mofooka, n'kumene kunkachititsa galimoto kukokera mbali imodzi. Manambala a ekiselo imeneyi anali m'kati mwa malire, ndipo galaja ina ikanangoipititsa. Iwo analemba papepala kuti mbali ziwirizo zifananitsidwe, ndipo anandisiyira ufulu wosankha ngati ndichita nthawi yomweyo kapena ulendo wotsatira, atandiuza momveka kuti ichi n'chofunika koma sichofulumira ngati slack adjuster yotha ija. Ndinasankha kuchitira limodzi. Posintha busitayo anayamba amanga sipuling'i yake ndi bawuti yake yapadera, ndipo yakaleyo anaiika padera osalola aliyense kuitsegula, chifukwa sipuling'i ya m'kati mwa busita ya handibuleki ili ndi mphamvu yotha kupha munthu ikafwamphuka. Ndaonapo anthu m'mbali mwa msewu akugogoda busita yotere ndi hamala, ndipo zimandimvetsa chisoni nthawi zonse.

Zofooka za galajayi zilipo, ndipo zina n'zazikulu ndithu kwa munthu wa bizinesi. Choyamba ndi nthawi. Bwalo lawo ndi lopanikizika, dzenje logwiriramo ntchito ndi limodzi lokha, ndipo thiraki yokoka ngolo imavutika kutembenuka ngati muli kale magalimoto ena. Salembetsa nthawi pasadakhale. Wofika poyamba ndiye woyamba kuthandizidwa, ndipo amene wafika dzuwa litakwera angathe kugonetsa galimoto. Kwa wamtengatenga amene kasitomala wake akudikira pa chipata cha Mwanza, kapena amene sitima ikumuyembekezera ku Beira, kuchedwa kotere kuli ndi mtengo wake. Ndikuona kuti akanathetsa vutoli mosavuta akanamalola anthu kusungitsa malo pa foni kapena pa WhatsApp.

Chachiwiri ndi zipangizo. Galajayi sisunga ma slack adjuster ambiri, ndipo amene anafunika pa galimoto yanga anachita kukafunidwa m'masitolo a ku Limbe ndi ku Ginnery Corner. Popeza mashafiti amasiyana kuchuluka kwa mano, ena 10, ena 28, ena 37, ndiponso mikono imasiyana kutalika ndi kupindika kwake, kupeza chofanana ndendende kunatenga nthawi. Anakana chipangizo china chotchipa chopanda dzina la wopanga chimene mnyamata anabwera nacho poyamba, ndipo pa ichi sindikuwadzudzula, koma galaja imene yasankha kumakana kumanga iyenera kukhala ndi zosinthira pafupi, apo ayi kasitomala wofulumira adzangotuluka n'kukamangitsa kwa mnyamata wa pa msewu. Eni mathiraki a Howo, Shacman ndi FAW, amene akuchuluka mumzinda muno, achita bwino kufunsa kaye ngati zipangizo zawo zilipo asanalowetse galimoto.

Chachitatu n'chakuti alibe makina oyezera mphamvu ya buleki ya tayala lililonse. Muyezo wa choko umakuuzani kuti pushrod ikuyenda mtunda woyenera, koma sukuuzani ngati malainingi anyowa ndi oyilo, ngati awuma n'kukhala ngati galasi chifukwa cha kutentha, kapena ngati vavu ikuchedwa kutumiza mphepo ku ngolo. Zina mwa izi amaziona ndi maso, ndipo ntchito ikatha amayendetsa galimoto pang'ono m'misewu ya m'deralo n'kudzagwira madilamu kuti amve ngati ina yatentha kuposa zinzake kapena yangokhala yozizira, koma kumeneko n'kuyesa kwa luso, osati kwa makina. Pepala la manambala limene amapereka ndi lolembedwa pamanja, ndipo iwo sasunga lofanana nalo, kotero kuti mbiri ya galimoto imadalira mwini wake kulisunga. Chimenechi n'chomvetsa chisoni chifukwa phindu lalikulu la manambalawo lili powayerekeza ndi a ulendo wapita.

Pa nkhani ya mtengo, amalipiritsa poyeza ngakhale asanakonze kanthu, ndipo ntchito ya pa ekiselo iliyonse imakwera kuposa imene anyamata a ku Lunzu amatchula. Mitengo sinalembedwe poonekera, zimene sindinakondwere nazo, koma anandiuza ndalama yonse asanayambe kumasula, ndipo imene ndinalipira siinasiyane ndi imene ananena kupatula mtengo wa zipangizo, umene anandionetsa malisiti ake. Zipangizo zakale anandibwezera osapemphedwa. Ndikaika pa sikelo ndalama imeneyi ndi mtengo wa tayala limodzi la thiraki, kapena wa dilamu yong'aluka ndi kutentha, kapena wa kukoka galimoto yofera pa phiri, sindiona kuti anandidyera. Ndalama imene ndimaiona kuti ndi yotayika ndi ija timapereka mobwerezabwereza pomangitsa buleki imene imamasukanso galimoto isanafike ku Zalewa.

Galimoto itabwerera pa msewu, dalaivala ananena kuti kukokera kumanzere kunatha ndiponso kuti potsika ku Chikwawa sakufunikanso kuponda mwamphamvu monga kale, ngakhale kuti, monga dalaivala aliyense wanzeru, amatsikabe pa giya yotsika ndi buleki ya injini osadalira chopondera chokha. Titayezanso tokha patapita maulendo angapo, manambala a hosi anali pomwe anawasiya, umboni wakuti chipangizo chatsopano chikudzimanga. A ngolo anali atakwera pang'ono, monga zimayembekezereka pa mtundu womanga ndi manja. Kuyeza tokhaku kunatheka chifukwa madala aja anapatula nthawi kuphunzitsa dalaivala wanga, osalipiritsa, mmene angalembere choko ndi kuwerenga tepi, ndipo anamumangira kachingwe ka pulasitiki pa pushrod iliyonse kuti azitha kuona ulendo wake mosavuta. Anamulangizanso kuti m'mawa uliwonse, mphepo ikadzadza ndipo galimoto ili poima matayala atapingidwa, aziponda buleki mpaka pansi kangapo atamasula handibuleki, chifukwa dalaivala woponda mopepuka nthawi zonse sapatsa chipangizo chodzimanga mpata wogwira ntchito yake mokwanira. Anamukumbutsanso kutulutsa madzi m'mathanki a mphepo tsiku lililonse. Chikalata cha COF chochokera ku nthambi ya boma yoona za pamsewu chimatsimikiza za tsiku limene galimoto inayesedwa, koma malainingi amadyeka ulendo uliwonse, ndipo pakati pa COF ina ndi inzake woyang'anira mabuleki ndi dalaivala ndi mwini galimoto.

Galajayi ndi yoyenera kwa amene ali ndi mahosi ndi ngolo za mabuleki a dilamu, makamaka mathiraki akale a ku America ndi ngolo zochokera ku South Africa zimene zakhala zikusinthidwa zipangizo m'njira. Amene ali ndi Scania, Volvo kapena Mercedes-Benz yokhala ndi mabuleki a disiki adziwe kuti mabuleki amenewo alibe slack adjuster ya kunja, chifukwa chodzimangira chake chili m'kati mwa kalipa, chitsulo chimene chimapana disikiyo, ndipo madala aja ananena okha kuti ntchito ya makompyuta a mabuleki a magalimoto otere amaitumiza kwa ena, ngakhale ngolo zake amazilandira. Wopita kumeneko afike m'mamawa galimoto ili yopanda katundu ndi madilamu ozizira, atenge dalaivala wake kuti akaone ndi maso kayezedwe kake, ndipo ngati ali ndi pepala la manambala la ulendo wapita alinyamule, popeza iwo sadzakhala nalo.